Gudumu Linaima pa 214

Mtembo unapezeka Lamulungu nthawi ili 6:10 m'mawa, m'munsi mwa mlatho wa anthu oyenda pansi, mbali ya kunyumba. Anaupeza ndi mayi wina amene ankalawirira kutchalitchi. Pofika 6:50 Insipekitala anali pamwamba pa mlathowo akupuma wefuwefu, dzanja lili pabondo. Bondo limeneli linamutumikira zaka 27 za upolisi, ndipo tsopano linkafuna penshoni msanga kuposa mwini wake.

"Masitepe angati amenewa?" anafunsa.

"46 kukwera, 46 kutsika, bwana," anayankha Sajeni, mayi wamfupi amene ankalemba chilichonse, ngakhale kutsokomola kwa mboni.

Pamwambapo zonse zinkaoneka bwino. Kumanja kunali siteshoni yatsopano ya mabasi othamanga. Pansi pa mlatho panadutsa msewu wa mabasiwo, wawowawo, wotchingidwa ndi mpanda wa waya wautali kuposa munthu. Kumanzere kunali nyumba pafupifupi 300 zothinana, kumbuyo kwake kuli ngalande yakuya, m'mbali muli khoma lalitali la nyumba zosungiramo katundu. Msika, chipatala, sukulu ndi manda zinatsala tsidya lina la msewu. Kwa miyezi 14 khomo la anthu onsewo linali mlatho umodzi womwewu, ndipo okha ankaseka modandaula kuti amakhala m'khola.

Womwalirayo anali mayi wa zaka za m'ma 40, wogwira ntchito ku ofesi ya mapulani a mzinda. Anagona chagada pa sitepe yomaliza. Dokotala wa apolisi anatsegula jekete la mvula n'kuonetsa Insipekitala mabala awiri ofanana pachifuwa.

"Sanaterereke ameneyu. Wina anamukankha ndi manja awiri. Pakati pa 5:30 ndi 6 koloko."

M'chikwama munali foni yosweka, choko chachikasu, ndi pepala la pulani lokutidwa m'pulasitiki. Papepalapo panali mzere wofiira wojambula pamanja ndi chilembo B. Chapafupi, lotsamira bwinobwino chitsulo cha mlatho, panali gudumu loyezera mtunda, la chogwirira chachitali. Linali lotsekedwa ndi kachitsulo kake, ndipo pakawindo ka manambala panali 214. Sajeni analemba nambalayo chifukwa ankalemba chilichonse.

Anthu anali atadzadza kuseri kwa chingwe cha apolisi. Gogo wina wa ndodo ndi amene anayamba kulankhula.

"Atiphera Mayi Gudumu. Basi, chipata chathu chapita."

"Chipata chanji, agogo?"

Anafotokoza bwino ndi bambo wina woonda, wa tepi yoyezera nsalu m'khosi. Anati ndi telala, ndiponso mlembi wa komiti ya anthu a m'deralo. Malemuwo, iye anatero, anapatsidwa ntchito yokonza dera lozungulira siteshoni kuti aliyense azifika pa basi wapansi m'mphindi khumi, atadutsa pa sitolo, pa sukulu ndi pa mitengo ya mthunzi. Pamtima pa pulani yonse panali chipata cha pansi, chopanda masitepe, chokhala ndi magetsi oimitsa mabasi kuti anthu aoloke. Khonsolo inali yoti ivomereze pulani yomaliza Lachitatu.

"Inu munawaona liti komaliza?"

"Lachinayi, pamsonkhano wa komiti," anayankha telalayo, akupinda nsonga ya tepi.

"Alipo amene ankadana nacho chipatachi?"

Telala anangopitiriza kupinda tepi yake. Anayankha ndi anthu khumi nthawi imodzi: Phewa.

Phewa anali mkulu wa anyamata onyamula katundu pamlathopo. Mlatho umene unasautsa aliyense iye unamutsegulira ntchito: matumba a makala, mabedi, mafiriji, ngakhale nkhalamba, zonse zinkaoloka pamsana pake. Pamsonkhano wa Lachinayi anaimirira n'kuuza malemuwo pamaso pa anthu kuti tsiku lina adzatsika masitepewo mofulumira kuposa gudumu lawo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mlomo wa Phewa unamupeza 11 koloko m'mawa womwewo, akudya pa benchi ya pasiteshoni.

Chipinda chofunsira mafunso kupolisi chinalibe windo. Fani ya kudenga inafa kalekale ndipo inangotsala ngati chokongoletsa. Phewa anadzadza mpando wonse, thukuta lili kamukamu.

"Unanena mawu amenewa?"

"Ndinanena, bwana. Pakamwa panga n'pamene pamandigulitsa. Koma dzanja langa silinawakhudze mayi aja."

"Unali kuti 5:30 lero?"

"Kuchipatala. 5 koloko anadzandidzutsa kuti mkazi wa wometa tsitsi wayamba kudwala matenda akuchikuta. Ambulansi imaima tsidya lija, siuluka. Ndinamubereka masitepe onse 92, ndipo ndinakhala pabenchi mpaka mwana atalira. Kafunseni anamwino."

"Ndiye kuti dera lonse lija umalinyamula ndiwe."

"Onse, bwana, kupatula mmodzi. Akazi a telala. Msana wawo unathyoka pangozi, ali ndi zitsulo mkati. Tinayesa kamodzi, anthu anayi, ndi chikuku chawo chomwe. Pa sitepe ya 9 anakuwa mpaka ine ndinasiya. Adokotala anati tikadzabwerezanso tidzawapha." Phewa anapukuta nkhope ndi malaya. "Mayi a akazi a telalawo anamwalira mwezi watha, tsidya lomwelija, kuseri kwa msika. Maliro anawamvera pawindo."

Sajeni anaimba foni kuchipatala. Namwino anatsimikiza: chimunthu chachikulu chinafika 5:15 ndi mayi woyembekezera kumsana, chinachoka 7:30 chitapempha tiyi kawiri.

Zimenezi sizinamusangalatse mkulu wa polisiyo. Anaitanitsa Insipekitala mu ofesi yake 4 koloko madzulo, chitseko chotseka.

"Munthu anaopseza pagulu, mayi wafa momwe ananenera. Mukufunanso chiyani? A khonsolo andiimbira katatu. Akufuna nkhaniyi ithe lisanafike Lachitatu."

"Anali kuchipatala, bwana."

"Anamwino amasokoneza nthawi. Musamutulutse. Mukapanda kundibweretsera wina pofika Lachiwiri, ameneyu akalowa m'khoti."

Insipekitala anatuluka mtima ukuwawa. Ankadziwa bwino mmene chitseko cha chitokosi chimatsekekera mosavuta pa munthu wa pakamwa poipa ndi nsapato zong'ambika. Iyenso anali m'khola lake, la makoma opaka penti yoyera.

Lolemba 8:30 m'mawa anali ku ofesi ya mapulani, pansanjika yachitatu, ndipo makina okwezera anthu anali atafa. Tebulo la malemu linali pakona, lodzadza mapepala aakulu opsinjidwa ndi makapu. Moyang'anizana nalo munkakhala mnzawo wa ntchito, bambo wa magalasi, maso ali psuu.

"Chipata chija anachikana Lachisanu masana," anatero wa magalasiyo. "A kampani ya mabasi anati basi yothamanga ikamaima kudikira nkhalamba ndiye kuti si yothamanganso. Anawerengera masekondi 40 pa ulendo uliwonse. Masekondi 40 anapambana."

"Anthu a kuderako anauzidwa?"

"Ayi. Kalata inali yoti ipite Lachinayi, zonse zitavomerezedwa. Koma mayi aja sankakonda makalata. Nkhani yoipa ankapita nayo okha, ndi miyendo yawo."

"Nanga gudumu Lamulungu m'mamawa, kuli mvula yowaza?"

Wa magalasi anamwetulira pang'ono. "Ankatero. Ife tonse timayeza pakompyuta, kuchokera pasiteshoni kupita kunja, n'kujambula bwalo lokongola la mphindi khumi. Iwo ankati bwalo limenelo ndi la mbalame. Ankayeza kukagwa mvula kuti aone pomwe madzi akudikha. Ndipo sankayambira pasiteshoni. Ankafufuza munthu wovutika kuyenda kuposa onse m'deralo, n'kulemba mtanda wa choko pakhomo pake, n'kubweza gudumu pa ziro pomwepo. Ankati pulani imayambira pakhomo la munthu ameneyo. Akafika iye, ndiye kuti tafika tonse."

Insipekitala anayang'ana Sajeni. Sajeni anali atatsegula kale tsamba la dzulo, chala chili pa 214.

Asanatuluke, Insipekitala anayala pepala la mzere wofiira lija patebulo n'kufunsa tanthauzo lake. Wa magalasi analiyang'ana nthawi yaitali, akutsatira mzerewo ndi pensulo, kenaka anavula magalasi n'kufotokoza. Ulendo uno ngakhale Sajeni sanalembe kanthu.

Nthawi ili 10:40 anali m'munsi mwa mlatho ndi gudumu lija. Pamenepo panayambira tinjira titatu tolowa pakati pa nyumba. Insipekitala anabweza manambala pa ziro n'kuyamba kukankha, ana akumutsatira ndi kuseka, poti wapolisi wamkulu woyendetsa gudumu ngati mwana wa sukulu saoneka tsiku lililonse.

Kanjira koyamba kanathera pakhoma la nyumba zosungiramo katundu, pa mamita 150. Anabwerera. Kachiwiri kanathera pangalande, pa 188, pomwe wina anayesa kuyala thabwa koma thabwalo linali litagwera m'madzi. Anabwereranso, bondo likulira. Kachitatu kanali kopapatiza, munthu ankatha kukhudza makoma onse awiri. Kanakhota kawiri. Manambala anayenda: 190, 200, 210. Pa 214 gudumu linagunda sitepe ya simenti ya nyumba ya chitseko chobiriwira. Pambali pa sitepeyo panali thabwa lotsetsereka loyendapo chikuku, ndipo mkati munkamveka makina osokera.

M'kanjira monse munali matope. Sitepe yokhayo inali yoyera mbee, yokwechedwa ndi burashi. Koma simenti ili ndi timaenje take, ndipo Sajeni atagwada anaona tizidutswa tachikasu m'timaenjemo, toyenda mizere iwiri yopingasana.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri. Telala anaimitsa makina atawaona, ndipo sanafunse chimene abwerera. Pawindo la chipinda chomwecho panali mayi pa chikuku, atafunda nsalu m'miyendo, tsitsi lopesedwa bwino. Windolo linayang'ana khoma la nyumba ina, lotalikira mikono iwiri.

"Lowani, lowani," anatero mayiyo mokondwa ngati munthu amene alendo amamusowa. "Bambo, apatseni mipando. Mwabwera ndi gudumu la mayi athu aja? Mulungu awalandire. Anandilonjeza kuti tsiku lotsegulira chipata woyamba kudutsa ndidzakhala ine. Diresi anandisokera kale bambowa, ili apo."

Diresiyo inapachikidwa kuseri kwa chitseko, yabuluu, yokutidwa ndi pepala.

"Anabwera liti kuno komaliza, mayi?"

"Ine ndinawaona Lachiwiri. Koma dzulo m'mamawa ndinamva ngati mawu awo kutulo. Bambowa akuti ndimalota." Anaseka. "Mwina ndimalotadi, chifukwa nditadzuka ndinapeza bambowa akukwecha pakhomo, munthu amene chikwatirane sanagwirepo burashi."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, kenaka apolisi, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka pang'onopang'ono.

"Bambo, tiyeni tikacheze kupolisi," anatero Insipekitala motsitsa mawu.

Telala anavula tepi m'khosi, anaipinda bwinobwino n'kuiika pa makina. Anasendeza botolo la madzi ndi mankhwala pafupi ndi dzanja la mkazi wake, anagogoda kwa mayi woyandikana nawo kuti aziyang'anako, kenaka anatsogola yekha kukwera masitepe 46 aja.

Mafunso anayamba 1:15 masana m'chipinda chopanda windo chija. Insipekitala anaika gudumu patebulo.

"Munandiuza kuti munawaona komaliza Lachinayi."

"Ndinatero."

"Gudumu ili likuti anayambira pakhomo panu Lamulungu m'mawa. Choko chili pa sitepe yanu. Akazi anu anamva mawu awo. Ndipo munthu wosalakwa wagona m'chitokosi usiku wathunthu inu mukusoka zovala. Ndiyambe ndine kapena muyamba ndinu?"

Telala atayamba kulankhula, mawu ake anali osalala ngati akuwerenga miyeso ya kasitomala.

"Anagogoda 5:25. Anati tiyende mumsewu mulibe anthu, ali ndi choti andionetse. Analemba mtanda wawo pakhomo monga mwa masiku onse. Tinayenda osalankhula. Pamlatho anatseka gudumu n'kulisiya pansi, anati tikwere, pamwamba m'pamene zioneke bwino."

"Kenaka?"

"Bwana, miyezi 14 ndakhala ndikumuuza mkazi wanga kuti mawa. Ndasainitsa anthu 600. Ndakhala pamisonkhano 31, ndinkalemba ndine. Tsiku la maliro a apongozi anga, mphepo inkabweretsa nyimbo kudutsa mpanda uja. Mkazi wanga anandipempha kuti nditsegule windo, n'kumayimba nawo yekha, akuyang'ana khoma. Ine ndinagwada pambali pake n'kulumbira kuti akaona manda a mayi ake mwezi uno usanathe. Ndinalumbira chifukwa Mayi Gudumu anandiuza kuti chipata n'chotheka."

Telala anayang'ana gudumu lija patebulo.

"Titafika pamwamba anandigwira mkono. Anati, 'Bambo, ndisakubisireni, chipata chija achikana.' Anatchula za masekondi 40. Masekondi 40, bwana! Ine ndinangoona mdima. Ndinaona nkhope ya mkazi wanga ndikukamuuza. Mayi aja anali akulankhulabe, akutsegula chikwama, koma m'makutu mwanga munkangolira. Ndinawakankha. Sindinaganize zowapha. Ndinkangofuna kuti mawu aja achoke pamaso panga."

"Munatsika kukawaona?"

"Ndinatsika. Anali atapita kale. Ndinawadumpha, bwana. Panalibe njira ina yobwererera kunyumba."

Sajeni analemba mpaka pamapeto. Insipekitala anatsamira pampando. M'zaka 27 anamvapo anthu ambiri akuvomera milandu, ena akulira, ena akudzitama, ndipo nthawi zambiri mtima wake unkapepuka. Tsiku limenelo unalemera. Anaganizapo zongotseka fayilo osanena china, koma pepala lija linali umboni ndipo likanawerengedwabe m'khoti. Kunali bwino munthuyo alimve ali pansi.

"Mukuti ankatsegula chikwama. Mukudziwa chimene ankatulutsa?"

Telala anapukusa mutu.

Insipekitala anayala pepala lija n'kuika chala pa mzere wofiira.

"Apa ndi pakhomo panu. Apa ndi pamlatho, mamita 214. Mzerewu sukwera mlatho. Ukutsata mpanda mpaka apa, pomwe msewu wa mabasi umakwera pamwamba pa ngalande. Pansi pake pali mpata wakale wa simenti wotsekedwa ndi malata, wokwana chikuku ndi munthu wokankha. Mabasi amadutsa pamwamba, saima ngakhale sekondi imodzi, ndiye a kampani analibe chokanira. Mayi aja anaupeza Lachisanu madzulo pa mapu akale, anautcha B. Chinatsala n'kuyeza mtunda ndi kutsetsereka kwake kuti ulowe mu pulani ya Lachitatu. Malata amenewo amaoneka bwino munthu ukaima pamwamba pa mlatho."

Telala anayang'ana mzerewo. Anautsatira ndi chala, pang'onopang'ono, ngati akuyeza msoko, mpaka chala chinatulukira tsidya lina, kuseri kwa msika.

"Anati achikana," ananong'ona. "Ndinamva ndi makutu angawa."

"Anali asanamalize kulankhula, bambo."

Kulira kwake kunamveka mpaka kukauntala, ndipo Phewa, amene ankasainira lamba ndi nsapato zake kuti azipita, anaima n'kufunsa ngati kwagwa maliro ena.

Lachitatu khonsolo inakumana 9 koloko. Insipekitala anapita iye mwini ndi pepala lija, wa magalasi ali pambali pake. Wapampando anapempha onse kuti aime chete mphindi imodzi pokumbukira malemu. Kenaka anati mzere wa pamanja wopanda miyeso ndi siginecha sungalowe mu pulani, ndipo pepalalo ndi umboni wa kukhoti. B anamulemba pa zokambirana za chaka chamawa. Pulani inadutsa 9:25, ndi mlatho wake.

Madzulo ake, 4:30, Insipekitala anakweranso masitepe 46 n'kutsika 46, chifukwa panafunika wina wokauza mayi uja tsiku la mlandu. Anamupeza pawindo pomwe paja. Makina anali ataphimbidwa ndi nsalu, ndipo diresi yabuluu inali ikadali kuseri kwa chitseko. Woyandikana nawo anali atamuuza kale zonse, za mlatho ndi za mzere wofiira womwe.

Mayiyo sanalire. Anamvetsera tsiku ndi nthawi, anagwedeza mutu, kenaka anafunsa ngati kundende amalola akazi kukaona amuna awo.

"Amalola, mayi. Loweruka lililonse, kuyambira 10 koloko."

"Ili mbali iti ndendeyo?"

Insipekitala anayang'ana pansi.

"Tsidya lija," anatero.